Ndinakwera ndege kukadya bowa

## Asisi musadye nkhomaliro

Mng'ono wanga anandiuza m'mawa kuti, "Asisi lero musadye nkhomaliro, mungomwa tiyi basi, nkhani ili madzulo." Ine kumva choncho ndinadziwiratu kuti tikupita kumalo kuja amakuunjikira nyama mpaka kumasula lamba, ndiye ndinamvera, tsiku lonse kabanzi kamodzi. Kunali kumapeto kwa May, Cape Town yonse ili yonyowa, kamvula kowaza kosatha ndi mphepo, iye akudandaula kuzizira ine ndikungoseka chifukwa munthu wokulira ku Katoto mu Mzuzu sungamuopseze ndi nyengo imeneyo.

Mwanayu amagwira ntchito pa hotela ina m'tauni ndiye amadziwana ndi anthu a m'malesitilanti. Mnzake wina anatipezera tebulo pa mtengo wotsitsako ku Franschhoek, kachigwa ka minda ya mphesa kozunguliridwa ndi mapiri, ulendo wa ola limodzi pa galimoto kuchoka mu Cape Town. Dzina la malowo sinditchula, sanandilipire kuti ndiwatsatsire malonda kkkk.

Titakhala pansi anatipatsa kapepala kamodzi, osati menyu ija ya masamba ambiri yoti uzifufuza chotsika mtengo ayi. Mizere 8, mzere uliwonse mawu awiri kapena atatu. Palibe kusankha. Shefu wasankha kale chimene udye, chiyambe chiti chitsirize chiti, ndipo mbale iliyonse ili ndi vinyo wake amene wina wakusankhiranso. Funso lokhalo limene anatifunsa ndi loti pali chakudya chimene chimatidwalitsa kapena ayi. Amati tasting menu zimenezi, ndipo ukangovomera ndiye kuti maola anayi wawapereka.

## Timbale toyamba

Choyamba kubwera chinali oyster, nkhono ija ya m'nyanja ya mchere, imodzi yokha, yaiwisi, ili yokhayokha pakati pa chimbale chachikulu. Weita anati yachokera ku Saldanha Bay kumene amaziweta m'madzi. Ndinayang'ana mng'ono wanga, iye dala maso kudenga. Ndinatsinzina n'kumeza. Zoti ndinaikonda pompo ayi, zimangomveka madzi ozizira a mchere, koma nditatsatiza ndi vinyo wa thovu amene anatithirira mkamwa munangoti mbee, kenako kutsekemera kwina kwa nkhonoyo kumene poyamba sindinakumve kunatulukira kumapeto. Ndinakhala kaye chete. Mwina anthuwa sakungotibera, ndinatero chamumtima.

Wothira vinyoyo anali mnyamata wamtali, wakuda mnzathu, wa epuloni, amene kumeneko amamutcha sommelier, ntchito yake ndi vinyo basi. Botolo lililonse amayamba wakuonetsa, n'kukuuza munda umene mphesa zinachokera, chaka chimene anakolola, dothi lake ndi lotani, zonsezi ndi mawu osalala oloweza pamtima. Wa thovu uja anati ndi Cap Classique, kapangidwe kake ndi ka champagne komweko, thovu limabadwira m'botolo momwemo vinyo akawira kachiwiri, kungoti dzina loti champagne ndi la dera limodzi la ku France ndiye iwo anapeza lawo. Woyamba wa mtunduwu anapangidwa ku Simonsig ku Stellenbosch mu 1971.

Kenako nsomba, trout ya m'madzi ozizira a m'mapiri omwewo, kachidutswa kamodzi mu msuzi wa bata. Vinyo wake Chenin Blanc, woyera, wowawasa pang'ono. Apa nzeru yake ndinaigwira ndekha asanandiuze, ndi zomwe timachita tikafinyira ndimu pa batala wokazinga wa ku Nkhata Bay, kuwawasa kumadula mafuta kuti ukaluma kachiwiri usatope nazo. Mnyamata uja anawonjeza kuti mphesa za Chenin kwawo ndi ku France koma pano dziko limene lili ndi minda yambiri ya mphesazi ndi South Africa.

Osati zonse zinali za nzeru ayi. Mbale ina inabwera itavindikiridwa ndi galasi lodzaza utsi, weita kuvundukula, anthu a matebulo ena mafoni m'mwamba kujambula. Ine mzimayi wa ku Malawi moyo wanga wonse ndakhala ndikuthawa utsi wa kukhitchini, lero ndilipire kuti andifukizire kumaso? Ina inabwera pa mwala, mwala weniweni, pamwamba pake thovu la karoti. Karoti ndi wabwino kale mmene alili, kumusandutsa thovu ndi kungofuna kuti tikuoneni. Mipeni ndi mafoloko amasintha mbale iliyonse moti ndinayamba kumvera chisoni amene akutsuka kumbuyoko. Ndipo njala inalipo musanamizidwe, pofika mbale yachinayi ndinali nditamaliza buledi wanga ndi wa mng'ono wanga yemwe, mwayi wake buledi amangowonjezera osawerengera.

## Mbale yachisanu

Pa kapepala panangolembedwa mawu awiri, porcini, pine. Ine ndimayembekeza kuti nyama ifika tsopano. Kubwera mbaleyo, tizidutswa titatu ta bowa wonenepa wokazinga mpaka kufiirira m'mbali, kenako weita anatenga kaketulo kakang'ono n'kuthira msuzi wakuda bii mozungulira. Anafotokoza kuti bowayu wazulidwa dzulo m'mawa pansi pa mitengo ya paini m'mapiri, amamera mvula yoyamba ya nyengo yozizira ikagwa, ndipo bambo amene amawabweretsera sauza munthu malo ake, olo shefu yemwe sakuwadziwa. Msuziwo ndi wa bowa yemweyo koma woumitsa.

Nthunzi itangondifika m'mphuno ndinaiwala kuti ndili pakati pa azungu. "Iwe, uyu ndi bowa wofutsa uyu!" Ndinalankhula mokweza, mng'ono wanga kundiponda phazi pansi pa tebulo. Koma nanga ndiname? Linali fungo la chikwatu cha agogo, chija amamanga ndi masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini, amachimasula cha mu September ndiwo zikavuta, bowa wouma n'kumuviika m'madzi ofunda, madzi akewo osataya chifukwa msuzi ndi womwewo. Fungo lomwelo ndendende, la dothi lonyowa ndi kautsi pang'ono, lija limanamizira nyama pamene mumphika mulibe nyama.

Mnyamata wa vinyo anali ataima pambali ndi botolo la Pinotage, atayamba kale nkhani yake yoti mphesa imeneyi ndi yobadwira konkuno, anaipanga pulofesa Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Anasiyira panjira. Anafunsa kuti chilankhulo chimenecho ndi cha kuti, titati Malawi anaseka, kuseka kwenikweni osati kwa pantchito kuja, akuti iye ndi wa ku Zimbabwe, ndipo tsiku loyamba kununkhiza msuzi umenewu kukhitchini anatuluka panja kukaimbira foni amayi ake. Mawu osalala aja anathera pomwepo. Anaika botolo pa tebulo, chimene usiku wonse sanachitepo, n'kufunsa kuti kwanuko mumadya bowa wanji.

Aaa munthu wandiputa dala. Ndinayamba ndi utale, uja amamera pa chulu, chipewa chake chachikulu, muzu wautali wolowa pansi moti pozula umafunika kamtengo kokumbira. Ndelema, woyera, woterera ukamuphika, amatuluka mvula ikangokhazikika cha mu December. Chipindi. Nyonzwe. Manyame, achikasu aja ena ofiirira, amamera m'nkhalango za misuku ndi mombo, posankha umatopa ndi mchenga. Mng'ono wanga yemwe uja amandiponda anali atatulutsa kale foni kufufuza zithunzi. Atangoonetsa cha manyame mnyamatayo anati dikirani, n'kulowa kukhitchini.

Anatuluka ndi shefu mwiniwake, mzimayi wachizungu wamfupi, m'manja muli zipsera za moto zokhazokha. Anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti awa ndi ma chanterelle, ku Ulaya ophika amawalimbirana ndipo mtengo wake si wamasewera. Anafunsa kuti kwanu amagulitsa bwanji. Ndinawerengera mumtima n'kumuuza zoona, kuti mulu wathunthu pa msika wa Mzuzu mu January sufika pa mtengo wa botolo la madzi limene linali pa tebulo lathulo. Sanaseke. Anakoka mpando wa tebulo loyandikana n'kukhala pansi, makasitomala ena akudikira.

Mafunso ake anali a munthu wa ntchito osati a mlendo wongofuna kukusangalatsa. Amamera pansi pa mtengo wanji, patatha nthawi yaitali bwanji mvula itagwa, mumaumitsa pa dzuwa kapena pa utsi, mumayamba mwawiritsa, mtundu uliwonse mumaphika pawokha? Ndinayankha zimene ndinaona kwa agogo, kuti amayamba awiritsa pang'ono kenako kuyanika pa mphasa, kuti wouma amakoma ndi nsinjiro, kuti wolimba amamuthira chidulo kuti afewe, ndipo kuti nthawi zambiri timangosakaniza mitundu yonse mumphika umodzi ndi tomato ndi anyezi basi. Pa zosakanizazo anagwira kumutu.

Naye anandiuza chifukwa chimene bowa wamtunduwu salimidwa. Manyame ndi porcini wake uja amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo, mtengo umawapatsa chakudya iwo n'kumauthandiza kukoka madzi ndi michere m'dothi, ndiye popanda mtengowo palibe bowa olo utamanga shedi yokongola bwanji. Mnyamata wa ku Zimbabwe anawonjeza za utale, kuti mlimi wake ndi chiswe, chimamusamala mkati mwa chulu chifukwa ndi chakudya chake, ndipo munthu sanathebe kuchilanda luso limeneli. Uja timamuona m'mapaketi m'masupamaketi ndi wa mitundu ina imene imamera pa manyowa ndi utuchi, ndi chifukwa chake amapezeka chaka chonse ndipo sanunkhira kanthu.

Zonsezi zinatenga mwina mphindi khumi, bowa wanga akuzizira pa mbale. Koma ndi mphindi zimenezi zimene zakana kundichoka m'mutu. Mbale zinayi zoyamba ine ndinali mwana wa sukulu, kumangogwedeza mutu pa mayina a minda imene sindidzapondako. Mwadzidzidzi aphunzitsi ndinali ine, ndipo zimene ndimaphunzitsazo si za ku koleji, ndi zimene agogo anga amene sanalowepo m'kalasi amangolankhula akusankha bowa pa lichero, ife tikufuna atimasule tikasewere. Ndipo pa nkhani ya bowa ine ndine mwana poyerekeza ndi azimayi aja amaima ndi mabeseni m'mbali mwa M1 cha ku Chikangawa ndi ku Perekezi, amene basi ikaima timangowaponyera ndalama pa windo.

Shefu atabwerera, mnyamata uja pothira Pinotage ananena motsitsa mawu kuti wakhala zaka akuloweza midzi ya ku Burgundy, dera la vinyo ku France, ndi madothi ake kuti akhoze mayeso, koma palibe amene anamufunsapo za nkhalango ya kwawo. Anyamata a ku Zimbabwe pa vinyo si ocheza by the way, ena mwa iwo ogwira ntchito m'malesitilanti a ku Cape anakapikisana nawo ku France mu 2017 pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo pongolawa osaona botolo. Pinotage uja ndi bowa wozizirayo zinagwirizanadi, vinyoyo anali ndi kafungo kake ka dothi kamene kamakumana ndi msuziwo. Msuzi wotsala ndinakombeza ndi buledi, apa mng'ono wanga sanandipondenso.

## Zotsala, ndi bilu

Nyama inabwera ndithu, ya nkhosa ya ku Karoo, ndi vinyo wofiira wolemera, Syrah, uja ukamwa payekha amakumanga mkamwa koma akakumana ndi mafuta a nyama amafewa. Inali yabwino. Pambuyo pake tchizi, kenako ayisikilimu wa amasi, chambiko chawo chija, ndi vinyo wotsekemera kwambiri chifukwa akuti wa pa zotsekemera amayenera kutsekemera kuposa chakudyacho apo ayi amamveka wowawasa. Koma kunena chilungamo kuyambira galasi la 6 lilime langa linali litapita kutchuthi. Amathira pang'onopang'ono inde, koma timagalasi 8 tikaphatikizana ndi pafupifupi botolo lathunthu la 750 ml. Anthu amene amati amamvabe fungo la mapichesi mu galasi lomaliza ine ndimawakayikira. Theka la vinyo ameneyu likanakwana bwinobwino. Njala ija inangosowa yokha penapake pakati pa nkhosa ndi tchizi, podzuka ndinali wokhuta mbuu.

Bilu olo anatsitsa inadutsa 2,000 rand munthu mmodzi. Nditayamba kusintha mu makwacha mng'ono wanga anandilanda foni, "Asisi ndalama ya kuno sitiwerengera m'makwacha, mukwera BP." Zoonadi, chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 masamu amenewa si abwino usiku.

Pa tebulo anatiuza mbiri yokoma, yoti vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659 nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika kumeneko, ndipo ma Huguenot othawa chizunzo cha chipembedzo ku France anayamba kufika mu 1688 n'kupatsidwa malo m'dera limeneli. Mbali imene pa tebulo sanena anandiuza mng'ono wanga m'galimoto pobwerera. Minda imeneyi inalimidwa ndi akapolo, ena ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, mpaka ukapolo unathetsedwa mu 1834. Ndiye kunali dop, kulipira antchito a m'munda gawo la malipiro awo ndi vinyo, tsiku ndi tsiku, munthu kumangika pa famu chifukwa cha ludzu limene bwana wamuphunzitsa. Lamulo linaletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo mpaka pano Western Cape ili m'gulu la madera amene ana ambiri amabadwa ovulala ubongo chifukwa cha mowa umene amayi awo amamwa ali oyembekezera.

M'chipinda chija odya akuda tinali ife awiri ndi banja lina limodzi, koma operekera ndi otsuka pafupifupi onse. Aliyense wa kuno kumpoto ali ndi m'bale wake wa ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay amene ali kukhitchini kapena kudimba kwa winawake ku Cape, ndiye sindinafunikire kuuzidwa kuti kumbuyo kwa chitseko chija kungakhale ndani. Sindikunena kuti chakudya chinasiya kukoma chifukwa cha zimenezi. Chinakoma ndithu.

Amayi, a Umanyano, nditawauza pa WhatsApp m'mawa mwake anangofunsa funso limodzi. "Magalasi angati?" Ndinati anali ang'onoang'ono amayi. "Sindinafunse kukula kwake."

## Mvula itagwa ku Mzuzu

Bowa atayamba kuoneka mu December ndinapita kumsika wa Zigwagwa ndi mafunso a shefu uja m'mutu. Kuli mayi wina wachikulire amene ndimagula masamba kwa iwo nthawi zonse. "Amama, ameneyu mwazula kuti?" Anandiyang'ana mokayikira, mwina amaganiza kuti ndayamba ntchito ku za nkhalango. Nditagula kaye milu iwiri n'kukhala pa ndowa yawo nkhani inatseguka. Anandisiyanitsira pa chitenje, uyu wa pansi pa msuku, uyu wa pa chulu, uyu sachedwa kuvunda phikani lero lomwe, uyu ndi wabwino kuyanika, uyu ana samukonda chifukwa amawawa pang'ono ukapanda kutaya madzi oyamba. Anandiuzanso za wina wofanana kwambiri ndi wodyedwa koma wakupha, ndi mmene iwo amamudziwira, zimene sindilemba pano chifukwa bowa saphunzirira pa foni, amafunika munthu wodziwa akugwire dzanja kutchire.

Chaka chilichonse nyengo ya mvula timamva pa wailesi kuti banja lonse lagonekedwa m'chipatala, ena kumwalira kumene, chifukwa cha bowa. Ndiye zimene mayiwa amadziwa si zongokometsera chakudya, ndi zimene zimapangitsa kuti ife ogula tidzuke m'mawa. Mnyamata wa vinyo akalakwitsa, vinyo sagwirizana ndi nsomba, basi. Mayiwa akalakwitsa ndi maliro. Koma mmodzi ali ndi satifiketi ndi epuloni, winayu anthu amafika n'kumanenerera mpaka mulu utsike, pomaliza "onjezeraniko basela".

Dandaulo lawo lalikulu silinali mtengo, unali mtunda. Kale amazula kufupi, pano amalawirira kukadali mdima kupita kutali chifukwa mitengo yapita ku makala. Wa mu Mzuzu aliyense amawaona anyamata a njinga zosenza matumba m'mawa uliwonse akulowa m'tauni, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhalango za Lunyangwa ndi Kaning'ina zikuperepesekera. Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene kusukulu tinkaloweza kuti ndi imodzi mwa zazikulu mu Africa, mbali zambiri ndi zitsa ndi udzu chifukwa cha moto ndi macheka. Paini amabzalanso, tikuona. Koma mombo ndi misuku ndi ochepa amene amaganiza zobzala, ndipo manyame amapita limodzi ndi mitengo imeneyi. Ndinakumbuka bambo wa ku Franschhoek uja amene lesitilanti imamutchula kwa alendo usiku uliwonse ndipo malo ake amawateteza chifukwa amamudyetsa.

## Timbale ta ku Katoto

Mu January ndinaitana anthu kunyumba, amayi, azakhali, amalume, alamu anga ndi mnzanga wina wa kuntchito. Ndinawachenjeza kuti tidya pang'onopang'ono, kambale kamodzi pa nthawi. Za thovu ndi utsi sindimazifuna, chimene ndinabera kwa azungu aja ndi chimodzi chokha, kuti chinthu chilichonse chibwere pachokha ndipo wina anene kumene chachokera.

Tinayamba ndi usipa wauwisi wa ku Nkhata Bay wokazinga gwa, ndi ndimu, chakumwa chake juwisi wa bwemba wozizira. Kenako bowa, mitundu itatu uliwonse mumphika wake, manyame okazinga mu bata ndi mchere basi, utale wootcha, ndelema wotendera, pambali pake thobwa la mawere losatsekemera kwambiri. Kenako batala ndi kondowole kakang'ono. Kenako mbuzi ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, apa omwa ndinawathirira vinyo wa zipatso wa Linga wopangidwa ku Lilongwe, amayi chidede chofiira mu galasi lofanana kuti pasakhale nkhani. Pomaliza nthochi zootcha ndi uchi, ndi khofi wa Mzuzu weniweni, wa alimi a ku Misuku ndi ku Phoka, uja timatumiza kunja ife n'kumamwa Ricoffy.

Amalume anayamba kudandaula tidakali pa usipa. "Iwe mwana iwe, nsima ikubwera kapena tikudikira alendo ena?" Ndinati pirirani amalume. Anapinda manja.

Pa bowa ndi pamene zinthu zinatembenuka. Azakhali analuma manyame n'kusiya kutafuna, akuti zaka zonsezi samadziwa kuti amanunkhira chonchi, tomato wakhala akubisa. Amayi anati ndelema ndathira nsinjiro zambiri, agogo sankatero. Azakhali anati ayi kwathu amatendera choncho, ndi a kwanu amene amaumira nsinjiro. Mkangano unachoka pa nsinjiro kupita pa chulu chimene chinkamera utale wamkulu kumudzi, wina akuti cha kuseri kwa tchalitchi wina akuti cha kudambo, kenako amalume omwe aja opinda manja analowerera ndi nkhani ya mmene ali mnyamata anapezera utale woti anachita kuyitana mnzake kuti anyamule awiri, amayi akuti bodza limenelo limakula chaka chilichonse. Alamu anga obadwira m'tauni anali bize kulemba mayina pa foni n'kumafunsa kuti nyonzwe ndi uti. Tinakhala pa kambale kameneko pafupifupi ola lathunthu, pa nyumba imene chakudya chamadzulo chimatha mphindi 15 TV ikulankhula yokha.

Zovuta zinalipo. Thobwa ndi utale sizinagwirizane, thobwa limalemera n'kuphimba chilichonse, ndikuganiza kuti tiyi wa Kawalazi wopanda shuga akanachita bwino. Magetsi anazima tili pa batala ndiye zotsala zonse ndinaphikira pa mbaula, pa makala omwe aja ndawadandaula pamwambapa. Mbale zotsuka zinali phiri ndipo kumbuyo kwa chitseko changa kunalibe gulu, kunali ine ndi alamu mpaka pakati pa usiku. Zimenezi zoti munthu mmodzi aziphika, aziperekera, azifotokoza, n'kumadyanso nawo, sizitheka kawirikawiri, ndamvetsa pang'ono kumene 2,000 rand ija imapita.

Nsima ndinaphika ndithu pomaliza, khofi atamwedwa kale. Amalume anadya mitanda iwiri ndi msuzi wa bowa wotsala n'kulengeza kuti tsopano adya. Potuluka azakhali anati ulendo wina bowa abweretsa okha kuchokera kumudzi chifukwa wa ku Zigwagwa amafika atatopa, ndipo ndisayerekeze kutendera ndelema iwo asanafike.